Ulendo wa Abweremawa ku Tchalitchi cha Paphiri

Pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa mulu wa malata ndi khomo lolowera, panali malo a telala amene msewu wonse unkawatchula kuti Abweremawa. Dzina lawo lenileni linangotsala pachiphaso. Ukawapititsira buluku kuti apinde, ankaliyeza bwinobwino, kulilemba ndi choko, kulilowetsa pansi pa mulu wa zovala zina, kenako n'kukuyang'ana ndi nkhope ya munthu amene sananamepo chibadwire. "Mubwere mawa." Mawa lakelo unkapeza buluku lili pomwe lija, choko chosafufutika n'komwe. Koma anthu sankawathawa, poti akati asoke ankasokadi. Buluku linkatha n'kusanduka chokolopera, zipi ya Abweremawa ikadali yolimba.

Munthu amene anawamva mawuwa mpaka kukhuta nawo anali mkazi wawo, mayi wosesa ndi kukolopa m'makalasi pasukulu ya kuseri kwa msika. Ali mtsikana anamva za njira ina ya oyenda ulendo wa mapemphero, yoyenda wapansi masabata ambiri kudutsa m'zigwa ndi m'midzi, yokathera patchalitchi chakale cha paphiri kumene amaimbira belu aliyense amene wafika. Pomufunsira, telala analonjeza kuti adzayenda njirayo awiri. Ana anabadwa, anakula, anapita kumabanja awo. Mayiwo akakumbutsa kuti lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, bambo ankayankha ulusi uli kukamwa kuti phiri silisamuka.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina akuyeza buluku la mlonda wina wamtali, tepi inawapulumuka. Ati awerame atole, dzanja lamanzere linakana, mwendo nawo unakana, ndipo anagwa cham'mbali pamulu wa nsalu. Kuchipatala anati ndi sitiroko.

Dzanja linabwerera msanga, pakamwa pamene panapotoka panawongoka. Mwendo wamanzere ndiwo unatsalira, wolemera ngati thumba la simenti. Adokotala owongola ziwalo, mayi wamfupi wosaseka ndi ulesi, sanazungulire.

"Bambo, mwendowu sunafe, wangoiwala ntchito. Muziyenda tsiku lililonse, ndipo phazi muzilinyamula, osalikoka. Mukaunyengerera uuma. Ukauma ndiye basi, mwakwatira mpando."

"Ndamva, adokotala. Ndiyamba mawa."

Musawaweruze msanga. Ulendo uno sunali ulesi, anali mantha. Sabata yoyamba atatuluka m'chipatala anagwa m'bafa, ndipo mkazi wawo anachita kuitana aneba kudzawadzutsa asanavale. Manyazi a tsiku limenelo anawakhala pamtima. Anasankha kukhala pansi, poti munthu wokhala pansi sagwa.

Alamu awo, mchimwene wa mayiwo, dalaivala wa lole amene pakamwa pake panalibe mabuleki, anakatenga makina osokera pakhonde paja n'kudzawaika pawindo la pabalaza. Abweremawa anaphunzira kupalasa ndi phazi lamanja lokha, lamanzere litangogona pambali. Ntchito inkabwera pang'onopang'ono kuchokera kwa aneba. Kuchoka pamakina kupita kuchipinda ankagwira khoma ndi ndodo, phazi likulira pasimenti: khwee, khwee. Kunja sankasuzumira.

Tsiku lina mayi anabwera kuchokera kuntchito maso akuwala. Mphunzitsi wina anali atawaikira pulogalamu pafoni, ndipo iwo anaiikanso pafoni ya amuna awo asanavule n'komwe nsapato. Inali njira yomwe ija, yojambulidwa pamapu kuyambira pachipata choyambira mpaka paphiri. Foni ikakhala m'thumba imawerenga mapazi amene munthu waponda, kaya kukhitchini kaya kumsika, ndipo kamunthu kake kamasuntha pamapupo. Ukafika pamlatho kapena pachitsime imaimba kabelu kakang'ono n'kukuonetsa chithunzi cha malowo. Belu lalikulu limalira kumapeto.

"Aka kofiira ndi ine, aka kabuluu ndi inu," anatero mayi. "Mwati phiri silisamuka. Lasamuka, bambo, labwera m'nyumba. Muli ndi mawu?"

Abweremawa anaika foni m'thumba la buluku kuti nkhani ithe.

Kofiira kananyamuka m'mawa mwake, poti ntchito yokolopa makalasi ndi ulendo pawokha. Kabuluu kanayenera kukhala pachipata mpaka kalekale. Koma masana, Abweremawa ali mkati mosoka makatani a aneba, m'thumba munalira kabelu. Atatulutsa foni anaona chithunzi cha chitsime chamiyala, kamunthu kawo kataima pambali pake. Anayang'ana foni, anayang'ana phazi lamanja lili pachopondera, anapalasanso pang'ono. Kabuluu kanasuntha. Foni inkamva ntchafu ikukwera ndi kutsika n'kumati munthu akuyenda.

Anaseka okha mpaka kutsokomola. Madzulo mayi atafika anapeza kabuluu kali pafupi ndi kofiira. Anakhala pansi pakhomo pomwepo, chikwama chikadali paphewa.

"Mwayenda, bambo?"

"Pang'onopang'ono," anayankha Abweremawa akuyang'ana singano.

Mayi analira misozi ya chimwemwe. Apa m'pamene munthu akanalankhula zoona, koma misozi ija inali yokoma kuiona, ndipo panali patapita nthawi yaitali osaona mkazi wawo akusangalala chifukwa cha iwo. Anati adzaulula mawa. Makatani anatha, kunabwera mayunifomu a ana a sukulu, ndipo kabuluu kanakwera zitunda ngati njinga yamoto. Kanapitirira kofiira n'kukasiya kutali. Mayi ankaonetsa foni kwa aphunzitsi, kwa ogulitsa tomato, kwa aliyense woima.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Loweruka lina alamu aja anabwera ndi jekete long'ambika m'khwapa, nati adikira pompo, poti mawa la telala akulidziwa. Mayi anali pamkeka akusita. Makina anayamba kulira, ndipo pakati pa msoko kabelu kanalira m'thumba.

"Ndi chiyani chimenecho, alamu?"

"Uthenga chabe."

"Ayi, ndi kabelu ka ulendo," anatero mayi, simbi ili m'mwamba. "Kamalira munthu akafika penapake."

Alamu anayang'ana phazi pachopondera, kenako anaphulika kuseka mpaka kumenya tebulo.

"Alamu! Kani amene akupita kutchalitchi ndi makina? Akafika akabatizidwe, muwapatse dzina! Paja akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma inu mwaposa, mwalemba ganyu."

Mayi sanaseke. Anaika simbi pansi, anatulutsa foni yawo, anaiyang'ana kanthawi.

"Ine ndimakolopa tsiku lonse ndikuyamika Mulungu kuti amuna anga akuyenda," anatero motsitsa mawu. "Ndawauza anthu onse. Sindikulira tchalitchi ayi, bambo, chithunzi ndi chithunzi. Ndikulira mwendo wanuwo." Anatsegula kabati ya mbale n'kuikamo foni. "Ndafika pamlatho wamatabwa. Ndikhala pomwepo. Mukadzafika ndi mapazi anu mudzandipeza."

Kunyozedwa ndi mlamu ndi chakudya cha tsiku lililonse, koma kabati ija potsekeka inawapweteka Abweremawa kuposa kugwa kwa m'bafa. Lolemba mayi atapita kuntchito, foni yawo itatsala pakati pa mbale, telala anafufuza mpaka anapeza pobwezera ulendo poyambira. Foni inawafunsa ngati akutsimikiza. Anatsimikiza. Kabuluu kanabwerera pachipata. Anasoka kathumba kansalu n'kukapachika pamsomali wa pachitseko, kuti akakhala pamakina foni izikhala m'menemo.

Kenako anaimirira, ndodo kudzanja lamanja, n'kuloza kampata kochoka pabalaza kupita kukhitchini. Khwee, khwee. Anapita, anabwerera, anapitanso, mpaka malaya ananyowa kumsana. Atatulutsa foni anapeza kabuluu kali chiimire pachipata.

Anayesanso masana, anayesanso tsiku lotsatira. Kamunthu kaja kanangoti njo. Foni imene inkawayamikira atakhala pampando tsopano inkawatenga ngati sakuchita kanthu pamene thukuta linali kamukamu. Anaitukwana mawu amene sitingawalembe pano, ndipo tsiku lopita kuchipatala anakaisumira kwa adokotala.

"Chinthu chabodza ichi. Ndikasoka chimati ndayenda, ndikayenda chimati ndakhala."

Adokotala aja, amene anthu ankati sadziwa kuseka, anaseka. "Tayendani ndione." Anayenda. "Mwamva phokosolo? Foni imamva phazi likanyamuka n'kuponda. Inu mukusesa pansi. Zimene ndakhala ndikukuuzani ine, tsopano mwazimva kwa foni. Pindani bondo, nyamulani zala, pondani ndi chidendene."

Anabwerera kukampata kaja ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo unawathandiza. Anajambula mizere ndi choko pasimenti, monga amachitira pansalu, kuti phazi lizidumpha mzere osaufufuta. Masiku oyamba choko chonse chinkathera kunsi kwa silipasi. Bondo linkanjenjemera, ntchafu inkaotcha. Anagwa kamodzi pakhomo la khitchini, ndipo poti m'nyumba munalibe munthu, anadzikoka mpaka pampando nadzuka okha. Atakhala pansi akupuma anazindikira kuti chinthu chimene ankachiopa chija chachitika, ndipo sanaitane aneba.

Tsiku limene kabuluu kanasuntha, kanasuntha pang'ono kwambiri, mwina utali wa mpendero wa malaya. Koma mizere ya choko inali yonse yosafufutika. Abweremawa anaima pakati pa kampata, foni ili m'manja, n'kulira mokweza ngati mwana. Madzulo anangosiya foni patebulo, mapu ali poyera. Mayi anaiona, anayang'ananso mizere ya pansi, ndipo posesa anailambalala.

Njira imene makina anaidutsa mothamanga inawatengera miyezi. Ulendo uno ankaona chilichonse. Chitsime chamiyala chija anachipeza ali pakati pa khitchini ndi bafa, ndipo anatunga madzi pampopi n'kumwa ataimirira. Munda wa mitengo ya zipatso anaudutsa akuzungulira chingwe choyanikira zovala, poti kampata kanali katawachepera. Mudzi wa nyumba zoyera anaulowa akupita kukagula ulusi pakagolosale ka pakona, aneba akusuzumira m'mawindo. Alamu ankaimba foni kufunsa ngati makina afika, ndipo telala ankayankha kuti makina anabwerera panjira, nsapato zinawathina.

Pamlatho wamatabwa anafika Lachinayi masana. Kofiira kanali pomwepo, monga kanasiyidwira. Abweremawa anatsegula kabati, anatulutsa foni pakati pa mbale, anaipukuta fumbi, anaitchaja. Mayi atalowa anawapatsa m'manja.

"Pepani mayi, ndachedwa. Tiyeni."

"Mwachedwadi," anatero mayi akupukuta m'maso ndi kansalu. "Tsitsi lachita kuyera ndili pamlatho."

Kuyambira pamenepo foni ya mayi inkatuluka m'kabati madzulo okha, pamene awiriwo ankayenda limodzi kuzungulira mdadada wa nyumba, kuti wina asasiye mnzake. Ndodo inayamba kuiwalika pakhomo.

Phiri litayandikira, Abweremawa anati chigawo chomaliza sachiyendera pabwalo. Anavala malaya ositidwa, anakoleka tepi m'khosi, ndipo m'mawa wa Loweruka anatuluka ndi mkazi wawo kulowera kumsewu waukulu, umene sanaupondeko chigwereni. Anali atayerekeza kuti belu lidzalira ndendende pakhonde la sitolo ya zitsulo. Telala wodziwa kuyeza anaphonya. Belu lalikulu linalira m'matumba onse awiri ali pafupi ndi ngalande, kutsogolo kwa malo otsukira magalimoto, madzi a sopo akuyenderera m'mphepete mwa nsapato zawo.

Mayi anatulutsa foni. Panali khomo la tchalitchi lotsegula, ndi tianthu tiwiri, kofiira ndi kabuluu, titaima pamodzi. Sanasamale za sopo kapena za otsuka magalimoto amene anasiya ntchito n'kumayang'ana. Anakweza manja, analulutira msewu wonse kumva, kenako anagwira amuna awo pamkono n'kupemphera mawu ochepa, ambiri mwa iwo akumezedwa ndi misozi.

"Tafika, bambo."

"Inu mwafika, mayi, ndipo ngongole ya lonjezo yatha. Ine kwanga ndi apo." Analoza ndi chibwano mulu wa malata umene unkaoneka patsogolo.

Anayenda mtunda wotsalawo foni zitatonthola, popanda chowerenga mapazi awo. Phazi lamanzere linkanyamuka, kuponda ndi chidendene, kunyamukanso. Wometa tsitsi anatuluka ndi makina m'manja, wogulitsa nthochi anaimirira, ndipo mawu anathamanga kuwapitirira kuti Abweremawa akubwera wapansi. Pamasitepe a khonde mayi anatambasula dzanja kuti awathandize, koma analibweza okha. Telala anapinda bondo nakwera. Mwini sitolo anachotsa zitini za penti zimene zinali zitaunjikidwa pamalo awo, akukuwira wantchito wake kuti abweretse mpando.

Asanakhale n'komwe, m'gulu la anthu munatuluka mlonda wamtali uja, chipewa chili m'manja.

"Atelala, tayamika Mulungu kukuonani. Koma pepani, musandione ngati wopanda chisoni. Buluku langa lija?"

Khonde lonse linaseka. Abweremawa anakhala pampando, anawongola tepi m'khosi, anamuyang'ana ndi nkhope ija ya munthu amene sananamepo chibadwire.

"Mubwere mawa," anatero. "Mundipeza pompano. Ndibwera wapansi."