Silinda ya Mpweya pa Wilibala

Anzake kuntchito amamutcha Ndilipafupi, chifukwa foni ikangolira amenewa ndiwo mawu oyamba kutuluka pakamwa pake. Ndi bambo wamfupi, wa dazi lomwe linabwera msanga. Amayendetsa kagalimoto ka kampani yogulitsa zipangizo za chipatala, ndipo ntchito yake ndi kukasiya masilinda a mpweya m'makomo mwa odwala amene sangapume bwino popanda kapaipi m'mphuno.

Mantha oopa kuchedwa sanabadwe nawo. Bambo ake ankatseka geti dzuwa likangolowa, ndipo mwana wochedwa ankaima panja mpaka amayi amupepesere. Lero wakula, ali ndi ana ake awiri, koma wotchi amaiopabe ngati geti lija.

Kampani itaika pulogalamu ya mapu m'mafoni a madalaivala, iye anati wapuma. M'fonimo muli mawu a mkazi wofatsa amene amalozera njira, ndipo m'munsi mumalembedwa nthawi yofikira. Nthawi imeneyo ofesi imaitumizanso kwa odwala. Koma mkazi wa m'foniyo sanyamula silinda. Sadziwa kuti nyumba ina ili ndi masitepe, ina ili ndi galu wolusa, ina mwini wake amayamba wakufotokozera matenda ake onse usanatsanzike. Mkaziyo akalonjeza theka la ola, Ndilipafupi amafika ola litakwana, ndipo wokalipiridwa amakhala yemwe waima pakhomoyo.

Mkazi wa Ndilipafupi, amene amasoka zovala pakhonde, amawatcha mawuwo "mkazi mnzanga".

"Mkazi mnzanga wakunamizaninso lero?" amafunsa akamuona akulowa nkhope ili ndwii. "Ine ndikalankhula mumati ndikusokosa. Iyeyo akangoti kumanzere, inu kumanzere."

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, mayi wa ku ofesi anamuimbira. Kunali agogo ena, mmisiri wa matabwa wopuma ntchito, amene ankapumira makina a magetsi. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndipo silinda yawo yapadera inali pafupi kutha. Mwana wawo wamkazi, mphunzitsi, anali atasiya kalasi n'kuthamangira kunyumba.

"Muli ndi yodzaza?"

"Imodzi."

"Siyani zonse, pitani kumeneko."

Analemba adiresi m'foni. Mawu aja anamuuza kuti adzere msewu wolambalala tauni, afika pakatha mphindi makumi anayi. Ndilipafupi anagwedeza mutu. Njira yodzera kumsika ankaidziwa ngati chikhatho chake, ndipo inali yaifupi kwambiri. Pamapu njirayo inali itafiira kusonyeza kuti magalimoto athithikana, koma kufiira kumeneko kunamunamizapo kangapo.

"Lero ayi, mayi," anatero, n'kukhotera kumsika. Mawuwo atayamba kumuuza kuti abwerere, anawatseka pakamwa.

Anayenda bwino mpaka pa mashopu a zitsulo. Kenaka magalimoto anayamba kukwawa, kenaka anaima. Anasuzumira pazenera. Kutsogolo, pa mlatho wopapatiza, lole ya simenti inali itafa chopingasa, anthu ataizungulira manja ali m'chiuno. Anayang'ana kumbuyo kuti abwerere, koma maminibasi anali atadzaza kale mpaka pamphambano.

Anatsegulanso mawu aja. Sanamudzudzule. Anangosintha nthawi yofikira, n'kuikankhira kutsogolo. Atayang'ananso inali itasunthanso. Galimoto ili chiimire, nyumba ya agogo inali kumuthawa. Thukuta linayenderera m'khosi mpaka pa lamba.

Foni inalira. Anali mphunzitsi uja.

"Adalaivala, uthenga wanu unati muli m'njira. Mwafika pati?"

"Ndili pafupi, achemwali."

"Pafupi pake pati? Kamuvi ka silinda kalowa pofiira!"

Kumbuyo kwa mawu a mayiyo kunamveka chifuwa chouma, chokoka, ngati sowo yobuntha pa thabwa lonyowa.

"Achemwali, ndakodwa pamsika. Lole yatseka mlatho. Sindikudziwa kuti ichoka liti."



"Ndiitane ambulansi?"

"Itanani. Nanenso ndikubwera."

Atadula foni anakumbukira kuti ambulansi nayo ilibe mapiko. Anadina kachithunzi ka munthu woyenda pansi pamapupo. Panalembedwa theka la ola, koma kamunthuko kanali chimanjamanja, pamene silinda inali yolemera ngati thumba la simenti.

M'mbali mwa msewu munali mayi wogulitsa kabichi, katundu wake ali mu wilibala. Ndilipafupi anatsika n'kumuthamangira.

"Mayi, ndibwerekeni wilibala. Munthu akubanika kutsidyaku, mpweya wake uli m'galimotomu."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kudazi mpaka kunsapato. "Ndikudziwani ine?"

"Simundidziwa. Makiyi a galimoto awa, sungani."

Mayiyo anayang'ana makiyiwo, anayang'ananso nkhope ya mwini wake, n'kukhuthulira kabichi yense pa chiguduli. Anathandizana kugoneka silinda pa makatoni, n'kuimanga ndi chingwe.

Foni anaiika m'thumba la malaya, ndipo ulendo uno anamvera liwu lililonse. Anadutsa pakati pa mabenchi a nsapato, anawoloka kamlatho ka anthu oyenda pansi, tayala likulira kwii, kwii. Anthu ankapatuka akung'ung'udza. Wina anakuwa kuti, "Bomba limenelo mukupita nalo kuti?" koma iye analibe mpweya woyankhira. Kutsidya kunali chitunda chomwe pamapu sichinkaoneka. Anakankhabe, m'chifuwa muli moto. Maganizo ake anali atafika kale pakhomopo: ankaona anthu atadzaza pabwalo, ankamva kulira, ankadzimva akufotokozera abwana kuti foni inanena zoona koma iye sanamvere. Foni inaliranso m'thumba, koma anaopa kuima, anaopanso chimene akanamva.

Atakhota komaliza anaona geti lotsegula. Pabwalo panalibe anthu. Ambulansi inali isanafike.

Agogo anali pa mpando pafupi ndi zenera, milomo itatuwa, maso ali pa denga. Mwana wawo ankawakupiza ndi chidutswa cha katoni. Kamuvi kanali katagona pansi penipeni. Ndilipafupi anagwada kuti amasule silinda yakaleyo, koma manja anali thukuta lokhalokha. Sipanala inagwa pansi, anaitola, inagwanso.

"Chonde, achimwene," anatero mphunzitsi motsitsa mawu.

Anapukuta manja pa buluku n'kuyesanso. Mpweya unamveka kuti fuu m'kapaipi. Onse awiri anayang'anitsitsa chifuwa cha nkhalambayo chikukwera ndi kutsika. Pang'onopang'ono milomo inabwerera mwakale. Agogo anatembenuza maso, anaona wilibala pakhomo, tsamba la kabichi litamatirira m'mbali.

"Mwana wanga," ananong'ona, "galimoto mwagulitsa?"

Ndilipafupi anafuna kuseka koma m'malo mwake misozi inalengeza. Mphunzitsi sanaseke. Anamupatsa madzi m'kapu osamuyang'ana kumaso.

"Tsiku lina muzinena zoona ndikangofunsa," anatero. "Ndikanadziwa msanga ndikanapempha galimoto kwa aneba."

"Mwanena zoona, achemwali. Pepani."

Ambulansi inafika iye akutuluka. Anabwerera ndi silinda yopanda kanthu, n'kutsika chitunda chija. Atafika pamsika anapeza lole yachoka, magalimoto akuyenda bwinobwino. Pamene anasiya galimoto ya kampani panalibe kanthu. Anaima pakati pa njira, manja pa wilibala, m'mutu muli waa.

"Inu adazi!" Anali mayi wa kabichi uja, akumukodola. "Mwayesa ndagulitsa? Apolisi amafuna kuikoka. Ndinapempha dalaivala wa minibasi aibise kuseri kwa mashopu uko." Anatulutsa makiyi m'thumba la epuloni koma sanapereke. "Nanga wodwala wanuyo?"

"Akupuma, mayi."

"Chabwino. Tsitsani chitsulo chanucho, mundibwezeretsere kabichi wanga mmene munamupezera."

Ndilipafupi anawerama n'kuyamba kutola kabichi, mayiyo akumuuza kuti wamkulu aziika pansi.