Nyumba Yosapuma ya Alamu Anga

Alamu anga a Salimu sindinawakhulupirire kuyambira tsiku limene anabwera kudzafunsira mng'ono wanga Madina. Munthu wakhala ku Joni zaka zisanu ndi zinayi, anzake akubwerako ndi magalimoto, iye n'kutsika basi ndi chikwama cha mipeni yomangira ndi levulo basi. Ankati kumeneko ankamanga zipinda zozizira zosungiramo zipatso. Ine ntchito yotero sindinaionepo, ndipo munthu wolankhula pang'ono ndimamuopa kuposa wolongolola. Koma Madina anali atagwa nawo m'chikondi, amalume anavomera, ukwati unamangidwa kumzikiti, ine ndinangophika mpunga.

Kwathu kuno, kufupi ndi pamene Bua amathira m'nyanja, nyumba timaidziwa mamangidwe ake. Njerwa zowotcha, malata pamwamba, timabowo ta mpweya pamwamba pa mawindo, ndi mpata pakati pa khoma ndi denga poti abuluzi azidutsira. Mu Okutobala nyumba zoterezi zimatentha ngati uvuni wa sikono, mu Juni mwera umalowa mpaka m'bulangeti, ndipo nkhungu zikauluka kuchokera kunyanja zimadzaza mbale. Tinazolowera. Palibe amene anafapo nazo.

A Salimu atayamba kumanga yawo, mudzi wonse unasiya zochita. Khoma lililonse analimanga pawiri, n'kusiya mpata pakati. Mumpatamo ankathiramo mankhusu a mpunga osakaniza ndi laimu, matumba ndi matumba, ochokera kuchigayo. Pamwamba pa siling'i anayalanso mankhusu omwewo. Timabowo ta mpweya sanaike ngakhale kamodzi. Pamene khoma limakumana ndi malata anamata ndi matope mpaka nyerere kusowa polowera, ndipo m'mphepete mwa zitseko anakhomerera mphira ya chubu cha galimoto, moti chitseko ukachitseka sichinkalira, chinkangoti phwii.

Zonsezi ndikanazipirira. Chimene chinandiimitsa mutu ndi cha tsiku lina masana, mwera ukuwomba. Ndinasuzumira pawindo, ndinawaona atadzitsekera m'katimo, atayatsa ubani, akuyenda nawo pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma, m'makona, pansi pa chitseko, maso ali pa utsi. Pena ankaima, n'kulemba ndi choko. Nditawafunsa anandiyankha mosatekeseka kuti utsi ukapendekeka ndiye kuti pamenepo pali kampata kolowa mphepo, ndipo akufuna kukatseka. Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinati ubani umenewu ndawuonapo kwa anthu ena, ndipo sankafunafuna mphepo.

Chilungamo ndinene: nyumbayo inkazizira. Mu Okutobala ankatsegula mawindo onse m'mamawa, dzuwa likangokwera n'kutseka, ndipo masana ukalowamo thukuta linkauma. Mu Juni munkafunda. Anthu awiri atatu a ku Dwangwa anabwera kudzaona, mmodzi mpaka anawapatsa ntchito yomanga sitolo. Koma ubwino womwewo ndi umene unkandikayikitsa. Nyumba ya malata yozizira popanda magetsi, chikuiziziritsa n'chiyani?

Kenaka panabwera lamulo. M'nyumbamo musalowe moto. Mbaula ayi, makala ayi, ngakhale oti munthu awothe pang'ono. Khitchini anaimanga payokha, kutali.

"Nyumbayi ilibe potulukira mpweya, alamu," anandiuza. "Makala akamayaka amatulutsa mpweya woipa wosaoneka, wosanunkha. M'nyumba zinazi umathawira kudenga. Muno ungakhale momwemo."

Ine ndinabadwira pafupi ndi mbaula. Mayi athu anatilera tonse asanu ndi mmodzi ndi mbaula m'chipinda nyengo yozizira, ndipo tonse tili moyo. Ndiye wina andiuze kuti makala amapha? Ndinakafotokozera a Nester, anzanga amene timagulitsa nawo usipa pamsika, ndipo iwo sanachedwe kutchula chimene ine ndinkaopa kutchula. Anati chimenecho n'chizimba. Munthu akakatenga mankhwala okhwimira amapatsidwa lamulo: wina asasambe, wina asadye nyama, wina moto usalowe m'nyumba. Ndipo mankhwala otero salipiridwa ndi nkhuku.

Madina atapita padera miyezi iwiri chilowereni m'nyumbamo, ndinasiya kukayika. A Salimu analira, ndinawaona ndi maso anga, koma ndinati ngakhale okhwima amalira. Ndinayesa kumutsina khutu mng'ono wangayo kuti abwerere kwathu. Anandiseka, n'kunena kuti ndimaonera mafilimu ambiri. Ndinapsa mtima, koma mantha ndi amene anali aakulu. Madina ndinamubereka kumsana ine, mayi ali kumunda, ndipo sindinafune kudzamusambitsa ali mtembo chifukwa cha chuma cha mwamuna.

Mimba yachiwiri inafika pamapeto bwinobwino. Mwana wamkazi anabadwa mu Julaye, mwera uli pachimake, kukugwa kamvula kowaza. Ine ndinasamukira komweko kukathandiza chikuta, monga mkulu wake. Mwambo wake ndi wodziwika: mayi wochira ndi khanda amafunika moto pafupi, kuti thupi libwerere ndiponso mwana asalowe mphepo. A Salimu anakana. Anagula mabulangeti awiri ndi botolo la mphira lothiramo madzi otentha, n'kunena kuti m'chipindamo ndi mofunda kale. Munalidi mofunda, koma kwa ine nkhani sinalinso ya kuzizira. A Nester anali atandiuza kuti chizimba ukachiswa, mankhwala amasuluka, ndipo amene anayikidwa pamzere amapulumuka.

Tsiku lachisanu ndi chitatu a Salimu analawirira ku Dwangwa kukapaka pulasitala sitolo ija. Nditaona kuti minibasi yawatenga, ndinathamangira kwanga kukatenga mbaula yanga, ya mwendo umodzi womanga ndi waya. Ndinakoleza makala ambiri, n'kuilowetsa m'chipinda. Madina anadzuka n'kundiyang'ana.

"Achemwali, bambo ake a mwana anakaniza zimenezi."

"Mwamuna amadziwa chiyani za chikuta? Gona."

Anagona, chifukwa chibadwire sananditsutsepo kawiri. Ndinatseka mawindo, ndinatseka chitseko, ndinapita kuseri kukachapa matewera. Mtima wanga unali mbee. Ndinkaimba.

Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinachapa, ndinayanika m'khitchini chifukwa cha kamvula kaja, ndinayamba kusankha nyemba. Ndinkati mwana wagona bwino lero, moto wamuthandiza. Ndiye ndinangomva njinga yamoto ikuima pakhomo. Simenti inali isanafike kuntchito, a Salimu anabwerera. Anandipatsa moni, n'kufunsa chifukwa chake mawindo onse anali otseka pomwe iwo anawasiya otsegula. Anayang'ana makala amene anatayikira pakhonde, ndipo nkhope yawo inasintha.

Sanakuwe. Anakankha chitseko, anatuluka ndi mwana n'kundiponyera m'manja, anabwereranso n'kutuluka atanyamula Madina ngati thumba. Mwanayo anali lende, wosalira. Madina anatsegula maso koma sankatidziwa, anasanza, miyendo ili zii. Wa njinga yamoto uja anali asanapite patali, anathamangira kumsewu kukaimitsa galimoto. Njira yonse ya kuchipatala a Salimu ankamuuzira mwanayo mpweya kumaso n'kumatchula dzina la Mulungu, ine ndili kakasi, manja akununkha makala.

Onse awiri anatsitsimuka. Adokotala anati tikanachedwa pang'ono tikanabwerera ndi maliro awiri, ndipo ananena mawu omwewo amene alamu anga anandiuza kalekale, a mpweya wosaoneka, wosanunkha. Ndinakhala pabenchi. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo.

Madina ndi mwana atatuluka m'chipatala, amalume anaitanitsa abale kuti amve chimene chinachitika. Mudzi unali utagamula kale: nyumba ija yafuna kudya mayi ndi mwana. Amalume anafunsa kuti moto unalowa bwanji m'chipinda, popeza mwini nyumba amakaniza. Madina anaweramitsa mutu. A Salimu anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Nyumbayo ndinamanga ndine," anatero. "Musafunsenso wina."

Anthu anamva zimene ankafuna kumva. Pofika madzulo nkhani inali ponseponse kuti a Salimu avomera okha. Mwini sitolo wa ku Dwangwa anapeza mmisiri wina womalizitsa. Kumzikiti anthu amawapatsa moni, koma pomanga nyumba sawaitananso. Masiku ano amapalasa njinga mpaka ku Dwambazi kukamanga zimbudzi ndi makola a mbuzi kwa anthu osawadziwa. Mlungu womwewo wa nkhani ya kwa amalume ija, a Salimu anatenga tchizulo n'kuboola khoma la chipinda chilichonse, m'mwamba ndi m'munsi, n'kuikamo timapaipi totchinga ndi sefa. Ankagwira ntchitoyo mankhusu akukhuthukira pansi. A Nester anati akutulutsa mankhwala.

Mbaula yanga ndinaipeza m'khitchini mwanga, a Salimu atataya phulusa, mwendo uja atamanganso ndi waya watsopano. Mpaka lero akandiona amandifunsa za malonda a usipa ngati kale.

Mwanayo tsopano akuyenda. Dzana ndinapita kukamuona, ndinapeza Madina akupeta mpunga pakhonde. Tinacheza za mitengo ya zinthu, za mvula. Nditanyamuka anandiperekeza mpaka pamsewu, mwana ali kumsana, ndipo tili pafupi kusiyana anaima.

"Achemwali, amuna anga anandiletsa kuti ndisanene amene analowetsa mbaula. Inu sanakuletseni."

Ndinamuuza kuti ndamva. Lachisanu likubwerali abale onse adzakumana kwa amalume, ndipo ine ndayamba kale kumva mutu.