Azakhali Sanafike ku Ndirande

Linali Lachitatu, mwezi wa Julaye, chaka cha 2011. Kunkazizira. Sindinapite kuntchito chifukwa abwana athu ku Makata, kumene ndinkawotcherera zitsulo, anatiuza dzulo lake kuti geti ikhala yotseka. Ndinatenga hamala n'kuyamba kukonza chitseko cha kubafa chimene chinali chitazuka kalekale.

Inu obadwa pambuyo pake mumangomva kuti kunali zionetsero. Mawu amenewo ndi ofewa. Kwathu ku Ndirande inali nkhondo, miyala mbali ino, mfuti mbali inayo. Ine sindinali kumbali ya aliyense. Ndinali ndi mkazi wapakati, mimba yoyamba, mwezi wake wochira uli womwewo.

Dzina lake ndi Agnesi. Tonse ndife a ku Chikwawa. Tinkachita lendi chipinda chimodzi kumtunda, kufupi ndi phiri, pa nyumba za Anambewe, mayi wamasiye wogulitsa makala.

Agnesi sankajomba kusikelo. Ulendo womaliza anamwino anamudina mwendo ndi chala, chala n'kusiya dzenje. Anamuuza kuti magazi ake akuthamanga kwambiri. Anati asadzayerekeze kuchirira pakhomo, matenda akadzangoyamba adzathamangire ku chipatala chachikulu m'tauni. Zimenezi anandiuza yekha. Beseni, lezala, pepala lakuda lapulasitiki ndi zitenje zinali zomangamanga kale kumutu kwa bedi.

M'mawa umenewo anasesa panja. Anandiphikira tiyi. Kenako ndinamuona ataima pa chingwe choyanikira zovala, wagwira mtengo wake ndi manja awiri, akuyang'ana pansi. Ndinamufunsa. Anati ndi msana chabe.

Sunali msana. Matenda anali atayamba m'bandakucha. Koma kwathu mkazi sauza mwamuna zimenezo, ndipo sauza oyandikana nawo. Amati ukalengeza, wina wa mtima woipa akhoza kumanga mimba, mwana osatuluka. Umauza mayi wako, kapena amene waima m'malo mwa mayi wako. Amayi ake a Agnesi anamwalira iye ali wamng'ono. Amene anamulangiza za mimba anali azakhali ake a ku Chilomoni. Anawaimbira foni ine ndili kubafa ndi hamala yanga. Azakhali anamuuza kuti asauze munthu, akubwera.

Nthawi imeneyo msewu unali wotseguka. Ndikunena izi chifukwa ndinauona ndi maso angawa. Ndinatsika kukafuna misomali. Mashopu anali otseka, koma minibasi imodzimodzi inali ikuyendabe, kondakitala akuitana anthu a m'tauni. Ovala zofiira ankatsika m'magulu akuimba. Munthu akanatha kudutsa ndi mkazi wake bwinobwino.

Agnesi anadikira azakhali.

Dzuwa litafika pamutu tinamva kulira koyamba kwa mfuti. Sikunali ngati kuphulika kwa tayala. Kunali kouma, kwakufupi, kenako kwina pamwamba pake. Amayi anayamba kuitana ana awo mayina. Utsi wakuda unakwera kuchokera kumsika, wina cha ku Chinseu. Mphepo inabweretsa tiyagasi mpaka kumtunda kwathu, wosaoneka, maso n'kuyamba kuyabwa tili pakhomo pathu.

Anthu anayamba kudutsa akuthamanga. Wina atasenza thumba la shuga. Wina matiresi adakali m'pepala lake. Bambo wina anadutsa wagwira khutu, magazi akutsikira m'chigongono, nsapato imodzi palibe.

Ndinalowa m'nyumba kuti nditseke windo. Ndinapeza Agnesi atagwada pansi, mutu pabedi. Pamkeka panali magazi. Osati madzi ayi. Magazi, akuda.

Ndinakuwa. Ndine munthu wokuwa, aliyense wondidziwa akuuzani. Anambewe analowa osaodira, manja ali bii ndi makala. Anayang'ana mkeka, anayang'ana Agnesi.

"Zayamba liti, mwanawe?"

"M'mawa, amayi."

"Nanga umadikira chiyani?"

"Azakhali."

Anambewe sanamukalipire. Anangogwedeza mutu ngati munthu amene naye akanachita chimodzimodzi. Anatembenukira kwa ine n'kuti ndisiye phokoso, ndikafune galimoto.

Ndinayamba ndaimbira azakhali. Anali atanyamuka wapansi ku Chilomoni chifukwa kumeneko maminibasi anali atasiya kale. Atayandikira tauni, utsi unawabweza. Ankandiyankha ali mumpanda wa anthu osawadziwa, atabisala kuseri kwa thanki yamadzi, akutsokomola. Ndinawauza mawu amene sindingalembe pano.

Pamzere pathu panali bambo wina wa takisi. Galimoto yake inali pakhomo, ataiphimba ndi lona. Anatsegula chitseko n'kundionetsa geji ya mafuta itagona pansi. Chaka chimenecho mafuta ankasowa, madalaivala ankaswera pamzere n'kubwerako chimanjamanja. Anati ngakhale akanakhala nawo, sakanaitulutsa kuti ikaotchedwe. Ndinamenya denga la galimotoyo ndi chibakera. Geji sinasunthe.

Chipatala chathu chaching'ono chinali kutsidya kwa msika, kumene kunkachokera utsi. Za ambulansi panalibe ndi wotchula yemwe.

Anambewe anakhuthula makala mu wilibala yawo. Anayalamo thumba, pamwamba pake pepala lakuda lija ndi bulangete. Tinamukhazikamo Agnesi, miyendo ikulendewera kutsogolo, beseni walikumbatira. Ndisanagwire zogwirira, Anambewe anandikoka malaya.

"Vulani ichi, bambo inu. Mukufuna tikankhe awiri?"

Ndinali nditavala jezi ya timu yanga ya mpira. Yofiira. Theka la Ndirande lili ndi jezi imeneyo, ndipo ine ndinkaivala tsiku lililonse losapita kuntchito. Tsiku limenelo chofiira chinali yunifolomu ya ochita zionetsero. Ndinaivula n'kuiponya pa makala. Ndinanyamuka chifuwa chili pamtunda, mu Julaye.

Anthu onse ankathawira kumtunda, kuphiri. Ife tinkatsika.

Msewu waukulu tinaupewa. Tinadutsa m'tinjira ta pakati pa nyumba, mmene mumayenda madzi a m'mabafa. Wilibala ili ndi tayala limodzi, ndipo Ndirande ndi miyala yokhayokha. Mwala uliwonse Agnesi ankaumva. Sankalira. Analangizidwa kuti mkazi salira pa matenda amenewa. Ankaluma nsonga ya chitenje.

Pena pake njira inatitulutsira pamsewu. Panali matayala oyaka ndi chigoba cha galimoto yakufa atachipingasa. Anthu omanga malaya kumaso anatizungulira, miyala ili m'manja. Mmodzi anasuzumira mu wilibala.

"Ndi mimba, amwene, ndi mimba! Tsegulani apo!"

Anakoka tayala loyaka ndi waya, tinadutsa. Tisanafike patali, chitini cha tiyagasi chinagwa kutsogolo kwathu chikuzungulira ngati nguli. Anambewe anavula duku, analiviika m'ngalande n'kumuphimba nalo Agnesi kumaso. Madzi a m'ngalande ya ku Ndirande. Ine ndinkakankha osaona, mamina ndi misozi zikutsikira pachifuwa.

Pa mlatho wa Nasolo panali apolisi. Mmodzi anatibweza ndi dzanja, akuloza kutsogolo kumene kunkalira mfuti. Tinatsikira kumunsi kwa mtsinje. Ndinamunyamula Agnesi m'manja n'kuwoloka, madzi akuda onunkha akundifika m'miyendo. Anambewe anakoka wilibala pambuyo pathu, mwala ndi mwala. Mayi wamkulu kuposa amayi anga ondibereka.

Kutsidya Agnesi analankhula koyamba. Anandigwira dzanja n'kuliika pamimba pake. Inali yolimba ngati thabwa.

"Wasiya kusewera," anatero.

Ndinati wagona. Sindikudziwa chimene ndinanenera zimenezo. Ine ndimadziwa zitsulo basi.

Ku Makata kunali zii. Mageti onse otseka, alonda akusuzumira pa timabowo. Ndinakagogoda pa geti ya kuntchito kwathu. Mkati munali lole ya kampani, ndipo ndinkadziwa kuti ili ndi dizilo chifukwa ndinaona akuithira. Mlonda anandizindikira. Anati makiyi apita ndi abwana kunyumba kwawo, foni yawo ndi yozimitsa. Lole ndinkaiona pa kabowo, itayang'ana kugeti. Mlondayo anatipatsira madzi m'botolo kudzera pansi pa geti.

Tinatsata njanji. Pa miyala ya njanji wilibala siyenda, ndiye tinkadutsa m'mbali, m'udzu wouma. Magazi ankadontha pa ngodya ya pepala, dontho apa, dontho apo. Milomo ya Agnesi inayera. Anayamba kufunsa ngati mbuzi zalowa m'khola, mbuzi za kumudzi zimene zinagulitsidwa iye ali pasukulu. Anambewe ankamuyankha kuti zalowa zonse, akuyenda chammbali, atamugwira mutu kuti usagunde chitsulo.

Manja anga anachita matuza, matuzawo n'kuphulika. Ndinaziona pambuyo pake.

Tinafika pa chipatala chachikulu dzuwa litapendeka. Pakhomo panali anthu ambiri, ena atagona pasimenti, mabandeji atafiira. Namwino wina wamfupi anaona wilibala, anakweza bulangete, n'kuitana machira mofuula kuposa ine. Sanatifunse kanthu. Anathamanga naye Agnesi kulowera ku fiyeta. Anambewe analowa nawo monga gadiyani. Ine anandiuza kuti abambo amathera pano.

Ndinakhala panja, m'mphepete mwa wilibala. Bambo wina amene ankadikira m'bale wake wowomberedwa mwendo anandibwereka jekete. Sindinamufunse dzina, iyenso sanandifunse.

Anambewe anatuluka kusanade. Anati, "Mayi achira." Analekera pomwepo. Ndinadikira kuti apitirize. Anayamba kupukuta manja pachitenje, manja ouma kale.

Dokotala anandiuza mawa lake, mosapsatira. Nsengwa, imene mwana amadyerapo ali m'mimba, inamatuka mwana asanabadwe. Akanabwera m'mawa, mwina. Anati mwina. Tikanachedwa pang'ono pamenepo, tikananyamula awiri.

Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna munthu woti ndimugwire pakhosi pa nkhani imeneyi. Sindinamupeze. Azakhali ananena zimene nawonso anauzidwa ali mtsikana, ndipo tsiku lina lililonse akanafika tiyi asanazizire.

Anafika Lachisanu, mapazi atatupa. Moni wathu unali wamfupi. Iwo ndi Anambewe ndi amayi ena a kumphakati kwathu, opemphera nawo limodzi, ndiwo anakatenga mwanayo. Mwana wobadwa wakufa ndi mtayo. Sakhala ndi bokosi, anthu samulira maliro, amuna sapita. Anamukulunga m'nsalu n'kupita naye kumanda masana, ine nditakhala pakhonde. Anabwerako n'kusamba m'manja kuseri kwa nyumba.

Agnesi alipo mpaka lero. Tikukhala ku Machinjiri, tili ndi ana aakazi awiri. Anambewe anatisiya.

Woyambayo anali wamwamuna. Ndinamva kwa namwino. Sindinamuone nkhope, ndipo pamene anagona sindipadziwa.