Chibakera cha Godwin ndi kathumba ka Esha

Inu amene munabwezedwapo pakhomo mochititsidwa manyazi, imvani za Esha wa ku Lifuwu. Ine nkhani yake imandipsetsa mtima mpaka lero.

Mwamuna wake atamwalira, achibale a malemuyo anamulanda munda wa mpunga n'kumusiya ndi ana awiri ndi mphasa. Atamva kuti loji ina yogona alendo ku Senga Bay ikufuna alonda, anapita wapansi.

Mayeso anali amodzi: mapushapu 25 osapumira, kutsika ndi kukwera ndi mikono uli chafufumimba, kuti aone ngati minofu imapirira. Godwin, mkulu wa alonda, ankaika chibakera chake pamchenga, ndipo pushapu inkawerengedwa pokhapokha chifuwa chikagunda chibakeracho.

Tangoganizani. Mayi wachisilamu, wamasiye, agunditse chifuwa chake padzanja la mwamuna wa eni, anthu akuonerera? Esha ankatsika n'kulekezera pamwamba pang'ono pa dzanjalo. Anatsika ka 18, n'kugwa.

"Ziro," anatero Godwin. "Mayi, bwererani mukaphike."

Anyamata amene anabwera kudzayesedwa nawo anafa nacho chiseko. Esha analira njira yonse, ndipo inali misozi ya ukali. Chimene chinkamuwawa koposa n'chakuti Godwin, ndi mwano wake wonsewo, sanali yekha wolakwa. Ngakhale akanamuwerengera, 18 si 25. Nayo mikono inali itamukana.

Anasoka kathumba kotalika ngati chibakera, n'kuthiramo mpunga wokunkha m'minda ya anthu. M'mawa uliwonse akatha kupemphera swala, ankakaika pansi kuseri kwa nyumba n'kuyamba kutsika. Sabata yoyamba anafika 19. Masiku ena ankabwereranso m'mbuyo, mapewa akuyaka moto. Amayi anzake kumjigo ankati umasiye wamuzunguza mutu. Iye anangopitiriza, miyezi itatu.

Loji ija itaitananso anthu, Esha anafika n'kuponya kathumba kaja pamchenga.

"Bambo, yezani ndi chibakera chanu. Ngati n'zofanana, chotsani dzanja lanulo muwerenge."

Godwin anayang'ana mayi Pauline, bwana wa lojiyo.

"Werengani, a Godwin," anatero mayiwo.

Anawerenga nkhope ili gwaa ngati akumeza mankhwala owawa. Atafika pa 25 anati, "Basi, zakwana." Esha sanamve n'komwe. Thukuta likudontha pamchenga, anapitirira mpaka 43, kenako anadzuka yekha n'kusansa m'manja.

"Za lero ndi 25," anatero akupumira m'mwamba. "Zinazo ndi 18 zija munandimana."

Palibe anaseka.

Lero Esha amalondera pageti la lojiyo, ana ake sagonanso ndi njala, ndipo mayi aliyense wofuna ulonda kumeneko amayesedwa ndi kathumba komweko.

Ndiye inu, wina akakupatsani ziro, kwiyani ndithu. Koma mkwiyowo musauthere pakamwa, uloze m'mikono. Osataya mtima, bwererani akakuwerengereni zonse.