Mchere wa pa Nyama ya Amakaniko

Mwana wanga woyamba anali ndi milungu itatu pamene amakaniko atsopano analowa m'nyumba yoyang'anana ndi laini yathu ya nyumba za antchito pa esiteti. Anachokera kumpoto, ndipo ankakonza makina a mu fakitale ya tiyi. Ndiwo anali abwana a amuna anga, amene ntchito yawo inali kunyamula masipanala ndi kupaka girizi.

Loweruka lililonse akaweruka masana, bambowa ankatulutsa mgolo wocheka pakati, kuyala waya pamwamba, n'kukoleza makala. Nyama ya mbuzi ankakagula ku Goliati pa njinga yamoto. Ankaipaka adyo, ndimu ndi tsabola, kenako n'kuwaza mchere ndi dzanja, m'mwamba ndithu, ngati akufesa mapira. Akatero ankaika sipika pawindo. Nyimbo zake sindinamvepo kwina kulikonse. Magitala ankalira ngati macheka, ng'oma zikugunda mpaka mumtima, mzungu akukuwa ngati wapsa ndi madzi otentha. Iwo ankati ndi roko, nyimbo zakale zimene bambo awo ankamvera ali dalaivala. Ankatembenuza nyama akugwedeza mutu, maso ali chitsinzinire.

Pa mpopi amayi ankanong'onezana kuti nyimbozo ndi zasataniki. Ine zimenezo sindinaziike kwenikweni pamtima. Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali mchere uja.

Amayi anga, pobwerera kwathu ku Masambanjati nditachira, anandisiyira lamulo limodzi. Anati mwana akadali wozizira, asanamulowetse kumphasa, ndisadye chakudya chothira mchere munthu amene sindikudziwa mayendedwe ake. Munthu akakhala kuti wagona ndi mkazi, makamaka wosakhala wake, ndi wotentha, ndipo mchere wa m'dzanja lake umadzera mu bere n'kumudula mwana. Amatupa masaya ndi mapazi, amatsokomola, ena amapita. Amati tsempho. Tsono amakaniko aja akazi awo anatsala kumpoto. Komanso kawiri konse ndinaona mayi wina wa chikwama chofiira akutuluka m'nyumbamo. Ena ankati ndi mlongo wawo, amaphunzitsa ku Boma. Ine sindinaone kufanana kwa nkhope.

Loweruka lachiwiri amuna anga, amene anali atayamba kale kukhala nawo pamakala paja, anabwera ndi mbale yovindikira.

"Amake mwana, abwana akuti mayi woyamwitsa adye kanyenya, bere lidzaze."

Ndinalandira ndi manja awiri. Atabwerera, ndinavundukula. Fungo lake! Kuyambira pamene ndinachira ndinkangodya nyemba ndi mpiru. Ndinaimirira nayo nthawi yaitali, malovu ali m'kamwa tho, kenako ndinapita kuseri n'kukaikhuthulira m'chimbudzi. Mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu, ndiye ndinaitsuka n'kuikamo mapeyala atatu. Kumeneko ndiye kunali kulakwitsa kwanga, chifukwa amakaniko anayesa kuti ndakondwera. Sabata yotsatira mbale inabwera yodzaza koposa, ndi chiwindi chomwe.

Panalinso china chimene chinkandikayikitsa. Mwana wangayu anali wolira kwambiri, koma magitala aja akangoyamba, ankakhala chete, n'kugona tulo tofa nato. Amuna anga ankaseka, amvekere, "Ameneyu adzakhala makaniko, wazolowera phokoso." Ine ndinkamuika chala pamphuno kuti ndimve ngati akupuma. Ndinkadzifunsa kuti nyimbo yanji yogonetsa mwana chonsecho anthu ake akukuwa.

Loweruka lachinayi ndinalephera kudzigwira. Potaya nyama, mafuta anandidonthera pa zala, ndipo ndinanyambita. Kamodzi kokha. Ndinamva mchere pa lilime. Lolemba m'mawa kunagwa chiperoni, minda ya tiyi yonse osaoneka ndi nkhungu, ndipo mwana anayamba kutsokomola. Ndinamuvula n'kumayang'ana mapazi, kusindikiza ndi chala kuti ndione ngati atupa. Ndinathamanga naye kuchipatala cha pa esiteti. Anamwino anati ndi chimfine chabe, ndimufunditse bwino. Za mchere sindinawauze, ndinachita manyazi. Chifuwacho chinatha masiku anayi, koma ine sindinakhulupirire kuti chinabwera ndi nkhungu yokha.

Mpamene ndinawaululira amuna anga zonse. Anakhala pansi, anagwira mutu.

"Nyama yonse ija m'chimbudzi? Ndi chiwindi chomwe? Bwanji osandisungira ine?"

"Mukawauze asiye kutumiza."

"Ndikawauze chiyani? Kuti abwana, mkazi wanga akuti ndinu achiwerewere? Ukufuna ndikathyole tiyi ndi dengu kumsana?"

Anakana ndithu. Anati ndipitirize kulandira, iwo azidya okha madzulo.

Koma Loweruka lotsatira amakaniko anabweretsa mbale okha. Ndinali pakhonde ndikuyamwitsa, pothawira panalibe. Amuna anga ankabwera pambuyo pawo, maso ali pa ine.

"Alamu, mapeyala anu andinenepetsa," anatero m'Chichewa chawo chakumpoto chija. "Lero ndikufuna ndione ndi maso anga kuti mukudya. Iyi ndi nthiti, ndaiwotchera inuyo."

Ananditambasulira mbale. Manja anga sananyamuke. Ine ndine munthu woti ngakhale kutchalitchi sindiyankha mokweza, ndipo apa panali abwana a amuna anga, atandiimirira pamaso. Ndinayang'ana mwana, kachifuwa kake katangopola kumene. Mawu anatuluka amodzi okha.

"Mchere."

"Wachepa?"

"Ayi. Mwathira ndinu."

Anatembenukira kwa amuna anga. Amuna anga anakanda m'mutu, anayamba kufotokoza mozungulira, za mwambo wa makolo, za mwana wakhanda, kuti si iwo okha ayi, ndi munthu wamkulu aliyense. Amakaniko anamvetsera osaseka. Kenako anafunsa, "Nanga yonse ija milungu itatu yonseyi inkapita kuti?"

Sipika inali ikulirabe kutsidya, gitala yokhayokha, ikukwera ikutsika. Amakaniko anatenga mbale yawo n'kubwerera. Amuna anga anandiuza chapansipansi kuti, "Wandichotsetsa ntchito," n'kulowa m'nyumba.

Patapita kanthawi ndinamva, "Odi, alamu!" Anali amakaniko, ataima pakati pa msewu, atanyamula nyama yaiwisi m'pepala.

"Iyi sindinaithire kalikonse, ngakhale ndimu. Moto ulipo. Bwerani ndi mchere wanu, muwotche nokha. Ine manja ndaika m'thumba."

Anaikadi m'thumba. Ndinazengereza, chifukwa mtima unkandiuza kuti mwina akungofuna kundiseka. Koma ndinabereka mwana, ndinamanga mchere pa nsonga ya chitenje, n'kuwoloka. Ndisanaike nyama ndinainunkhiza, ndinaitembenuza uku ndi uku kufuna timibulu toyera. Waya ndinaupukuta ndi chitsononkho. Iwo ankangondilangiza ali patali: "Musafulumire, isiyeni idonthe kaye. Tembenuzani ng'oma ikalowa." Ndinadikira ng'omayo, inalowadi, ndinatembenuza. Mchere ndinawaza ndekha, ndipo ndinadya nditaima, nditawafulatira onse, mafuta akutsikira m'chigongono. Mwana kumbuyo anali atagona kale.

Masiku atatu otsatira ndinkamusindikiza mapazi m'mawa ndi masana. Sanatupe, sanatsokomole. Ntchito ya amuna anga nayo sinathe.

Mwanayo tsopano ali ndi zaka zitatu, ndipo mwambo wa kumphasa tinachita kalekale. Loweruka timakhalabe pa mgolo uja. Nyimbo zina ndimazidziwa poyambira pake, ngakhale mawu ake sindimva ndi amodzi omwe, ndipo pali ina ya gitala yolira pang'onopang'ono imene ndimaidikira. Mayi wa chikwama chofiira amabwerabe, amamutchula mwana wanga kuti mwana wa roko. Nkhope ya mayiyo ndi ya amakaniko ndaziyang'ana zaka zonsezi, mphuno yokha ndiyo imafananako pang'ono. Tsopano ndili ndi pathupi pena, ndipo amakaniko ayamba kale kundipatulira nthiti yosathira kanthu m'mbale yakeyake.