Tsitsi la Maliro a Mkazi Wanga

Anabwera Lachinayi m'mawa, mwezi wa Juni, tsiku lachiwiri titaika mkazi wanga m'manda. Tinali titakhala pabwalo la apongozi anga pafupi ndi Kawaza, madzi ofunda ali m'beseni, kudikira kumeta maliro. Mwa mwambo wa kumeneko, mwamuna woferedwa amametedwa ndi abale a mkazi wake, ndipo akametedwa ndiye kuti banja lavomereza kuti wamulira mwana wawo. Wondimeta ine anayenera kukhala mlamu wanga, mlongo wake wa malemu. Iye sanaoneke. Kunabwera galimoto ya polisi.

Wapolisi analonjera aliyense mwaulemu, nafunsa kuti aphunzitsi ndi ati. Anati ndikangoyankha mafunso awiri, ndibwerera madzi asanazizire.

Mlandu wanga unali uwu. Mkazi wanga anayamba kutaya magazi ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Ambulansi ya pachipatala chathu inali itapita kukanyamula zokuzira mawu za msonkhano wa chipani cholamula. Inabwerera patapita maola asanu, ndipo iye anatsirizikira m'njira tisanaoloke mtsinje wa Lupande. Tsiku loika maliro, mlamu wanga, amene anali wapampando wa achinyamata a chipanicho, anaphimba bokosi ndi chitenje chokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko. Ndinachichotsa, ndinachipinda bwinobwino, n'kumupatsa m'manja. Ndinangoti mkazi wanga sapita m'nthaka ndi nkhope ya munthu amene anamulanda galimoto. Sindinakweze mawu.

Kupolisi anandiwerengera chikalata chonena kuti ndinang'amba chitenjecho, kuchiponda, ndi kutukwana mtsogoleri. Pansi pake panali siginecha ya mlamu wanga, imene ndinaizindikira, pakuti ili pafupi ndi yanga pa chikalata chathu cha ukwati.

Wondifunsa mafunso anali wochokera kuchigawo china, wolankhula Chinyanja cha m'tauni. Ankafuna kudziwa amene anandituma, ndiponso ngati ana a sukulu ndinkawaphunzitsa mwano womwewo. Ndinati wondituma ali m'manda. Zimene zinatsatira yankho limenelo zinatenga mphindi zochepa. Khutu langa lamanzere silimva bwino mpaka lero.

Lolemba anandipititsa kundende ya kumtunda. Pachipata pake wolowa aliyense amametedwa. Ndinapempha msilikali wa ndende kuti tsitsi langa alisiye. Ndinafotokoza kuti ndi la maliro, lili ndi eni ake oti alimete. Anaseka, naitana mnzake kuti adzamve.

"Aticha, kuno maliro timameta tsiku lililonse. Khalani pansi."

Anandimeta ndi lumo lobuntha limene linali litadutsa kale pamitu ina. Tsitsi la maliro a mkazi wanga linasesedwa pamodzi ndi la akuba njinga ndi la opha njovu, n'kutayidwa kudzala. Pa zonse zimene anandichita, ichi ndicho chimandiwawa kuposa khutu.

Ndinakhala m'menemo masabata khumi ndi atatu osaweruzidwa. Kanayi ananditengera kukhoti, kanayi anati fayilo sinafike. Apongozi anga aakazi anabwera kamodzi, ulendo wa tsiku lonse, atanditengera mtedza wokazinga. Anandiuza kuti banja lagawikana. Ena ankati ndinachititsa maliro manyazi, ena analeka kulonjerana ndi mlamu wanga, ndipo ana a mimba imodzi ankatunga madzi pamjigo umodzi osayankhulana. Onse anameta tsiku lija, koma madzi a m'beseni langa anangowakhuthula. Mwana wanga wa zaka zitatu ankafunsa ngati nanenso anandiika m'bokosi.

Mu Ogasiti anthu anavota, mtsogoleri uja anagwa. Ife tinadziwira pa asilikali, amene anayamba kutifunsa kuti taswera bwanji. Lachisanu lina mu Seputembala woweruza anati boma lauchotsa mlanduwo. Panalibe wopepesa. Msilikali wondimeta uja anandigwira chanza pachipata, nati ndisaiwale kuti iye ankangogwira ntchito.

Nditabwerera kuchigwa, kwa apongozi anga, ndinapeza mlamu wanga atasanduka munthu wozemba anthu. Amene ankamuombera m'manja anali atavala kale mtundu wa chipani china. Abale anga a ku Katete anati ndimusumire, nthawi tsopano ndi yanga. Ndinkafunadi kutero, ndipo ndinalemba kalata ya masamba atatu. Koma tsitsi sindinalikhudze. Ndinalisiya likule, ndinkalowa nalo m'kalasi losapesa, ndipo mudzi wonse unkadziwa chimene linkadikira. Apongozi anati angathe kupempha malume ake a malemu kuti andimete. Ndinakana. Ndinati wondimeta alipo, ali moyo, ndipo njira ya kunyumba kwa amayi ake amaidziwa.

Mlamu wanga anabwera mu Disembala, mvula itayamba. Banja linasonkhana pabwalo lomwe lija, mbali ziwiri zitakhala motalikirana. Iye anaima patali, lumo latsopano lili m'pepala lake. Anayamba kunena kuti akuluakulu a chipani anamupanikiza, kuti akanapanda kusaina akanamuchotsa paudindo. Ndinamuuza kuti zimenezo akazinene kumanda kwa mlongo wake. Ine ndinali ndi funso limodzi, ndipo ndinafuna kuti onse amve.

"Alamu, chitenje chija ndinaching'amba?"

Amayi ake sanamuthandize.

"Simunang'ambe, alamu. Munandipatsa m'manja. Chili kunyumba, chopindidwa momwe munachipindira."

Ndinakhala pamphasa n'kuweramitsa mutu. Pondimeta anandicheka pang'ono pamwamba pa khutu logontha lija. Sindinasunthe. Apongozi anatola tsitsi lonse, ngakhale limene linagwera m'matope, n'kukalikwirira okha.

Sindinganene kuti ndamukhululukira. Timalonjerana, mwana wanga amamutcha malume, ndipo pamjigo anthu ayambanso kuyankhulana. Kalata ija sindinaipereke, komanso sindinaiwotche. Za ambulansi palibe wayankhapo mpaka lero, ndipo amene anailamula kupita kumsonkhano akadali paudindo wake.

Anthu akandifunsa kuti ndinamasulidwa liti, amayembekezera kuti nditchula Seputembala. Mwezi umenewo boma linangotsekula chitseko chimene silinayenere kutseka. Ine ndinatuluka mu Disembala, magazi akutsika m'khosi, pamene munthu amene anandinamizira ananena zoona pamaso pa amayi ake, ndipo ndinaloledwa kulira mkazi wanga.