Tochi Yosabisa Kanthu

Aneba athu, bambo a ndevu zaimvi, ali ndi matochi awiri otchaja, ndipo magetsi akangozima amandiitana kuti ndikhale woweruza. Yaikulu imaponya kuwala patali koma kowonda ngati chingwe. Yaing'ono imamwaza ponseponse koma imathera pamapazi pomwepa. Iwo mtima uli pa yaikuluyo. "Tochi yabwino sibisa kanthu," amatero akuipukuta ndi malaya.

Tsiku lina madzulo anakuwa, "Taonani aneba, ikufika mpaka kuseri kwa khola langa!" Kuwala kunakagwera pa wilibala yanga, yomwe ankalumbira kuti anandibwezera kalekale.

Anazimitsa msangamsanga n'kutsokomola. "Komatu iyi imatha moto."

Kuyambira tsiku limenelo amatamanda yaing'onoyo. Wilibala yanga ikadali komweko, mumdima.